Phala la Mwana Pakati pa Phiri ndi Nyanja

Tikaima m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota n'kuyang'ana kumene dzuwa limalowera, timaona mapiri a Ntchisi atatchinga ngati linga. Ambiri a ife timawadziwa mapiri amenewa monga kochokera nyemba, mtedza, soya ndi mbatatesi zimene timagula pamsika, komanso monga kumene usipa ndi utaka wathu wouma umakathera. Ndi ochepa amene akudziwa kuti mapiriwa, pamodzi ndi a ku Dowa amene ali chakumwera kwake, ali ndi dzina m'mbiri ya kadyedwe ka ana pa dziko lonse. Katatu konse, m'chaka cha 1938, cha 2002 ndi cha 2014, akatswiri ochokera kutali adafika kumeneko ndi masikelo ndi mabuku, kufuna kudziwa chifukwa chimene ana amanyentcherera m'dziko lachonde chotero. Ulendo uliwonse yankho lidaloza ku zakudya zimene makolo athu ankasinthana kale pakati pa phiri ndi nyanja.

Njira ya nsomba ndi nyemba

Chimanga chimene lero timachiyesa chiyambi cha chakudya chonse ndi mlendo m'dziko muno. Chidachokera ku America pamodzi ndi chinangwa, mtedza ndi mbatata, ndipo chidafika mu Africa ndi zombo za Apwitikizi chitadutsa chaka cha 1500. Chisanafike, makolo a Achewa ankadalira mapira ndi mawere, nzama, khobwe ndi chitowe. Pang'ono ndi pang'ono chimanga chidalanda minda ya kumtunda, kumene nthaka ndi yofiira ndipo mphepo ndi yozizira, pamene chinangwa chidakhazikika m'dothi lamchenga la kunyanja. Mpunga udakula mphamvu ku Nkhotakota m'nthawi ya Jumbe Salim bin Abdallah, yemwe adakhazikika kumeneko cha m'ma 1840 ndi kubweretsa Chisilamu pamodzi ndi malonda a ku gombe la Zanzibar.

Sitingabise kuti njira yochokera ku Nkhotakota kupita kumtunda idayamba yanyamula minyanga ya njovu ndi akapolo. M'zaka zomwezo nkhondo za Angoni zidathamangitsira Achewa ambiri m'nkhalango ya phiri la Ntchisi, kumene ankabisala. Koma ukapolo ndi nkhondo zitatha cha m'ma 1890, njira yomweyo idasanduka ya chakudya. Nsomba zouma zinkakwera phiri m'madengu, ndipo ufa, nyemba ndi mtedza zinkatsika.

Kusinthana kumeneku kudali ndi nzeru imene sayansi idadzaitsimikiza pambuyo pake. Nsima ya kondowole imakhutitsa ndi kupatsa mphamvu, koma ili ndi zomanga thupi zochepa kwambiri, moti mwana wodalira chinangwa chokha amatupa mimba uku miyendo ikuonda. Chimene chimatipulumutsa ife a kunyanja ndi nsomba. Kumapiri nsima ya chimanga ili ndi zomanga thupi zochulukirapo, ndipo nyemba ndi nsinjiro zimaonjezera, koma chakudya chochokera ku nyama n'chosowa. Usipa wodyedwa wathunthu, mutu ndi minga yomwe, umapereka zolimbitsa mafupa ndi zoonjezera magazi zimene nyemba payokha siingakwanitse. Mtedza nawo, umene pafupifupi theka lake ndi mafuta, umapereka chimene mbale ya kunyanja imasowa. Mbali iliyonse idali ndi theka la chakudya cha mwana.

Masikelo a 1938

M'chaka cha 1936 boma la Britain lidalamula maiko onse amene linkalamulira kuti afotokoze za kadyedwe ka anthu awo. Nyasaland idasankhidwa kukhala malo a kafukufuku wozama, ndipo mu 1938 gulu lotsogozedwa ndi dokotala B. S. Platt lidafika m'boma la Kota Kota. Pa nthawiyo Ntchisi idali mbali ya boma limenelo. Gululo lidamanga msasa pa phiri la Mwera, ndipo lidasankha midzi itatu: wina pamwamba pa mapiri, wina m'tsinde mwa mapiri, wina m'mbali mwa nyanja, kumene anthu ambiri adali Asilamu. M'gululo mudali Margaret Read, katswiri wa chikhalidwe cha anthu, ndi Jessie Barker, amene ankalowa m'makhitchini a amayi kuyeza ufa, ndiwo ndi nsima. Mu 1939 akatswiri ena, kuphatikizapo Ethelwynn Trewavas, adafufuza za nsomba za m'nyanja yathu monga mbali ya ntchito yomweyo.

Kwa miyezi yambiri alendowa adayeza zimene mabanja ankakolola, zimene ankaphika ndi ntchito imene ankagwira. Zina mwa zimene adaona mayi aliyense wa ku Ntchisi akadawauza popanda sikelo. Chakudya chinkachepa m'miyezi ya dzinja, pamene nkhokwe zapepuka, ndipo imeneyo ndiyo nthawi imene khasu limafuna mphamvu zambiri. Munthu ankagwira ntchito yolemetsa kwambiri pa chaka m'mimba muli mopepuka kwambiri. Mafuta m'zakudya adali ochepa. Amuna ambiri adali ku Harare ndi ku Joni, moti kulima, kusinja, kutunga madzi ndi kutola nkhuni zonse zidatsalira mayi yemwe adalinso ndi mwana kumbuyo.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idayamba mu September 1939, ndipo lipoti la Platt silidasindikizidwe pa nthawi yake. Kagulu kochepa kotukula kadyedwe kadatsala m'derali, ndi dokotala W. T. C. Berry, mpaka 1943. Mapepala a kafukufukuyo adadzatuluka ngati buku mu 1992, patapita zaka zoposa 50, ana amene adayezedwa aja ali ndi zidzukulu. Chimene chidafika msanga m'manja mwa anthu ndi ntchito ya Jessie Barker, yemwe atakwatiwa adatchedwa Jessie Williamson. Buku lake la zomera zothandiza za m'dziko muno, lotuluka mu 1955, lidalemba maina ndi kaphikidwe ka ndiwo monga bonongwe, chisoso, luni, denje ndi chigwada. Aphunzitsi ake enieni adali amayi a m'midzi, amene ankadziwa kufutsa masamba kuti mfutso udzawathandize m'chilimwe, ndi kutendera ndiwo kuti mwana adye mafuta ngakhale pakhomo palibe botolo la mafuta ophikira.

Dzina la matenda

Makolo athu ankamuona mwana wotupa mapazi ndi nkhope, watsitsi lofiirira ndi lopyapyala, wosasangalala ndi chilichonse. Adali ndi maina a vutoli. Ena ankati ndi tsempho, n'kumafufuza kuti ndani mwa makolo adalakwira mwambo. Ena ankati ndi utumbidwa, matenda a mwana amene mayi ake atenga pakati iye akadali kubere. Dzina lachiwirili lidayandikira choonadi. Ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana, dokotala Cicely Williams adalongosola matenda omwewo mu 1933, ndipo mu 1935 adawatchula ndi dzina la m'chilankhulo cha Ga lakuti kwashiorkor, lonena za mwana amene wachotsedwa kubere chifukwa kwabwera mnzake. Anthu a maiko awiri otalikirana adaona chinthu chimodzi: mwana akasiya kuyamwa mwadzidzidzi n'kuyamba kudalira phala lamadzimadzi la ufa woyera, thupi lake limagwa.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mimba ya mwana wa chaka chimodzi imalandira chakudya chokwana ngati kapu imodzi pa nthawi. Kapu imeneyo ikadzaza ndi madzi ndi ufa wokonola, woviika ndi kuchotsa gaga ndi mtima wa chimanga, mwana amakhuta koma sanadye. Pamenepa chiphunzitso cha chipembedzo chathu ndi uphungu wa achipatala zimakumana. Qur'an, mu Surat Al-Baqarah, imatchula zaka ziwiri zathunthu monga nthawi yokwanira ya kuyamwitsa, ndipo bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza bere lokha kwa miyezi 6, kenako bere pamodzi ndi zakudya zina mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira.

M'zaka za m'ma 1960, pa chipatala cha mishoni cha Likuni pafupi ndi Lilongwe, adayamba kusakaniza ufa wa chimanga ndi wa mbewu za m'gulu la nyemba kuti apange phala lolimbitsa ana. Dzina lakuti Likuni Phala lidafalikira dziko lonse, ndipo lero ufawo umapangidwa ndi chimanga ndi soya. Mfundo yake idali ya m'khitchini ya kumudzi: ufa usayende wokha.

Koma m'zaka zomwezo mbewu zidayamba kuonedwa ndi diso la ndalama. Fodya adali atalowa kale m'minda ya Dowa kuyambira m'ma 1920. ADMARC itakhazikitsidwa mu 1971, mtedza wa m'chigawo chapakati udapitiriza kukhala mbewu yogulitsa kunja, ndipo m'ma 1990 alimi ang'onoang'ono adaloledwa kulima fodya wa bale. Ndalama zidabweretsa malata, njinga ndi fizi. Zidabweretsanso chizolowezi chimene tili nacho mpaka lero, chogulitsa chakudya chomanga thupi n'kusunga chokhutitsa chokha.

Njala ya 2002 ndi chiponde

Mu February 2002 Pulezidenti Bakili Muluzi adalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Chigawo chapakati chidavutika koposa. Anthu adadya gaga, zitsa za nthochi ndi chimanga chosakhwima, ndipo zipinda za ana onyentchera m'zipatala zidadzaza. Njira ya nthawi imeneyo idali yogoneka mwana m'chipatala kwa milungu ingapo akumwa mkaka wapadera, mayi ake ali pambali. Mayi wa ku mudzi wakutali ankayenera kusankha pakati pa mwana mmodzi wodwalayo ndi ana ena otsala kunyumba pamodzi ndi munda. Ambiri ankafika mochedwa, ena osafika n'komwe.

Chaka chomwecho, m'boma la Dowa, Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi mabungwe a Concern Worldwide ndi Valid International adayesa njira ina. Chida chake chidali chiponde chamankhwala, chimene André Briend ndi kampani ya Nutriset adapanga ku France cha m'ma 1996, ndipo dokotala Mark Manary adali atayamba kuchiyesa ku Blantyre mu 2001. M'kapaketi ka magalamu 92 muli mtedza wopera, mkaka waufa, shuga, mafuta ndi mavitamini. Sichifuna kuphika kapena kuthira madzi, choncho tizilombo toyambitsa matenda sitiswana m'menemo msanga. Alangizi a zaumoyo ndi anthu odzipereka ankayenda m'midzi ndi tepi yoyezera mkono wa mwana ndi kudina mapazi kuona ngati atupa. Mwana amene adali ndi chilakolako cha chakudya ndipo alibe matenda ena aakulu ankalandira chiponde cha mlungu wonse n'kubwerera kwawo. Ogonekedwa adali okhawo odwalitsitsa.

Ofufuza atayerekeza Dowa ndi Mchinji, kumene njira yakale inkapitirira, adapeza kuti ku Dowa thandizo linkafikira pafupifupi ana atatu mwa anayi alionse ofunika thandizolo, pamene ku Mchinji linkafikira mmodzi mwa anayi. Njirayi idatsikira kwathu ku Nkhotakota mu 2003, boma lidailandira kukhala ya dziko lonse mu 2006, ndipo mu 2007 mabungwe a United Nations, kuphatikizapo WHO ndi UNICEF, adaivomereza kuti igwiritsidwe ntchito pa dziko lonse. Lero mwana wa ku Niger kapena ku Yemen akamachira pa mphasa ya kwawo ndi kapaketi m'manja, mbali ina ya umboni umene udatsegula njirayo idachokera m'midzi ya Dowa. Ndipo mtima wa mankhwalawo ndi mtedza, mbewu yomwe ija mabanja a m'derali ankagulitsa pa mtengo wolira.

Masiku 1,000

Chiponde chimapulumutsa mwana amene wawonda mwadzidzidzi. Pali vuto lina losachita phokoso, la kupinimbira, pamene mwana amakhala wamfupi poyerekeza ndi zaka zake chifukwa chosowa chakudya choyenera ndi kudwaladwala kwa nthawi yaitali. Mwana wotere amasewera ngati anzake, ndipo pamudzi timangoti watengera agogo ake. Koma chimene chabweza msinkhu chimabwezanso ubongo, ndipo zotsatira zake zimadzaoneka m'kalasi ndi pa ntchito. Kafukufuku wa boma wa 2010 adapeza kuti ana 47 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi adali opinimbira. Wa 2015 mpaka 2016 adapeza 37.

Malawi idalowa m'gulu la maiko olimbikitsa kadyedwe koyenera la Scaling Up Nutrition mu 2011, ndipo mu 2014 boma la Ntchisi lidasankhidwa kuyesa njira yopewera kupinimbira m'boma lonse. Boma, bungwe la WFP ndi World Vision adagawa kapaketi ka magalamu 20 ka chakudya cha mtedza tsiku lililonse kwa ana a miyezi 6 mpaka 23. Magulu a amayi odzipereka ankayendera anzawo khomo ndi khomo kukambirana za kuyamwitsa, kusamba m'manja ndi magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zochokera ku nyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Akatswiri a ku yunivesite ya Johns Hopkins adatsatira ntchitoyi poyerekeza ana a ku Ntchisi ndi a ku Dowa. Msinkhu wa ana sudasinthe msanga monga momwe ambiri ankafunira, ndipo zimenezi siziyenera kutidabwitsa. Kupinimbira kumayambira m'mimba mwa mayi, ndipo kumadyetsedwa ndi malungo, kutsegula m'mimba, madzi oipa ndi mimba za atsikana amene iwo eni sanamalize kukula. N'chifukwa chake achipatala amawerenga masiku 1,000, kuchokera pamene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba.

Zimene mbiriyi ikutiuza ife a kunyanja

Mabungwe amabwera ndi kupita. Gulu la Platt lidachoka ndi nkhondo, ndipo mapaketi aulere amatha ndalama za opereka zikatha. Chotsala ndi mphika wa pakhomo ndi munthu amene amalamula chimene chilowe m'menemo. Pamenepa ife a kunyanja tili ndi mwayi umene a ku Malomo kapena ku Mponela amachita kuugula. Koma tikayang'ana pa doko m'mawa, nsomba yabwino imakwera galimoto kupita ku Lilongwe, ndipo yotsala pakhomo imayamba yafika m'mbale ya bambo. Mwana wa miyezi isanu ndi itatu amapatsidwa msuzi wokha, poopa minga. Msuzi uli ndi fungo la nsomba, koma chomanga thupi chatsala m'nyama yake. Usipa wouma wokazinga pang'ono, wosinja ndi kusefa, umasanduka ufa umene supuni imodzi yokha imasintha phala lonse, ndipo mulibe munga woti n'kumutsamwitsa.

Phala la mwana likhale la mgaiwa, lolimba moti silikuyenderera pa supuni, lothira nsinjiro kapena ufa wa soya wokazinga, ndipo tsiku lina ufa wa usipa, dzira kapena masamba osinja. Mango, papaya, nthochi ndi mbatata yofiira mkati zimakwanira bwino pakati pa chakudya ndi chakudya. Mwana wamng'ono akhale ndi mbale yakeyake, chifukwa m'mbale ya onse dzanja lake lochedwa limapeza ndiwo zatha. Mtedza wa nsinjiro tizisankha bwino ndi kutaya wachuku ndi wofota, pakuti chuku cha mtedza ndi chimanga chili ndi poizoni woononga chiwindi amene satha ndi kuphika. Ndipo ndalama imene timagulira mwana tizakudya ta m'mapepala ndi zakumwa zotsekemera pa golosale ikadagula dzira.

Phunziro la 1938 lonena za ntchito ndi njala likukhudzanso akuluakulu. Msodzi wobwera kunyanja m'bandakucha, mlimi wa mpunga woima m'madzi tsiku lonse ndi mnyamata wa kabaza amawononga mphamvu zambiri, ndipo tiyi wa shuga wambiri ndi mandasi sizibweza zimene thupi lataya. Mbatata yophika, chinangwa ndi mtedza, kapena phala lotendera zimagwira m'mimba nthawi yaitali pa mtengo wochepa. Amene ntchito yawo ndi yokhala pansi, m'sitolo kapena mu ofesi, vuto lawo ndi lina: mchere, shuga ndi mafuta okazingira mobwerezabwereza, zimene zikuchulukitsa matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi m'matauni mwathu. Mayi woyembekezera ndi woyamwitsa ndiye wantchito wolemedwa kuposa onse, ndipo sayenera kukhala womaliza kudya. M'mwezi wa Ramadhan malamulo a chipembedzo amamupatsa chilolezo chomasula ngati akuopera moyo wake kapena wa mwana, ndipo ndi udindo wa bambo ndi apongozi kumuthandiza kulandira chilolezocho popanda manyazi.

M'mwezi womwewo timaphika chakudya chimene chimafotokoza mbiri yonseyi mumphika umodzi. Futali, amene dzina lake ndi lapachibale ndi liwu la Chiswahili la chakudya chomasulira swaumu, ndi chinangwa, mbatata kapena maungu zophikidwa ndi nsinjiro. Chokhutitsa cha m'dothi lamchenga chimakumana ndi mafuta a kumtunda. Agogo athu amene adayamba kuphika motero sadamvepo za Platt kapena za chiponde cha ku France, koma adadziwa kuti chinangwa pachokha sichilera mwana.

Nthawi yosankha imafika chaka chilichonse m'miyezi ya May ndi June, pamene mavenda amapachika masikelo awo m'misika ya Ntchisi, Dowa ndi Mwansambo, ndipo mtedza ndi soya zimakhala zotsika mtengo kuposa nthawi ina iliyonse. Banja la kumapiri limene lasunga thumba limodzi osagulitsa, ndi banja la kunyanja limene lagula ndowa ziwiri n'kuziika pouma, adzakhala ndi chothira m'phala mu January ndi February, pamene mitengo yakwera ndipo mizere ya ana pa sikelo yatalika. Pa doko nthawi yosankha imafika m'mawa uliwonse, nsomba zisanakwere galimoto. Mbale imodzi ya usipa ipatulidwe kaye, ndipo mwini wake akhale wamng'ono kwambiri pakhomopo.